Usanalandire Chitini cha pa Bakkie

Mphwanga, popeza tsopano wayamba kupalasa njinga ndi anthu a kutchalitchi Loweruka lililonse, pali nkhani imodzi imene ndikufuna uimvere kwa ine isanakudzidzimutse uli wekha. Za magiya, za mpweya wa m'matayala, za kudzoza tcheni, uphunzira msanga, chifukwa ukalakwitsa njinga yomweyo imakulanga tsiku lomwelo. Nkhani ya mowa ndiyo ilibe mphunzitsi. Aliyense m'gulumo amaona ngati yankho lake n'lodziwikiratu, ndiye palibe amaitchula, mpaka tsiku limene anthu awiri opemphera Mulungu mmodzi asiya kupatsana moni.

Zimayenda chonchi. Mumakumana kusanayere bwino, nkhungu ya kuno ku Hillcrest ikadagona pa Old Main Road. Mmodzi wa akuluakulu amapempherera ulendo, aliyense chipewa choteteza mutu chili m'manja. Kenako mumalowa m'minda ya nzimbe ya ku Shongweni ndi Summerveld, kapena mumatsikira ku Giba Gorge, kuchigwa kuja kumene magalimoto a pa N3 amadutsa pamwamba pa mitu yanu. Dzuwa likamakwera mwabwerera pamene munayambira, miyendo ikunjenjemera, kukhosi kwauma gwa. Apo mkulu yemwe uja anapemphera amatsitsa chitseko cha kumbuyo kwa galimoto yake ya bakkie n'kutsegula cooler box. Muli madzi, muli Coke, mulinso zitini za Castle Lite zochita mame ndi kuzizira. Amatola chimodzi n'kukuponyera, akumwetulira, mtima uli mbee. Iwe wachiwakha usanaganize, ndipo gulu lonse likukuyang'ana. Pamenepo nthawi yoganiza yatha kale. N'chifukwa chake ndikukuuza lero, uli pakhomo.

Yamba wadziwa kumene kudabwa kwako kukuchokera. Iwe ndi ine tinakulira mu Sinodi ya Nkhoma, kumene mkhristu wopezeka ndi chipanda cha masese amaitanidwa ndi akulu ampingo, ndipo mayi wofulula mowa amadulidwa. Tinakula tikudziwa kuti thobwa ndi la akhristu, likangosasa lasanduka la akunja. Chodabwitsa n'chakuti mwambo umenewo unachokera kuno komwe. Amene anatsegula mishoni ku Mvera mu 1889, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anali a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, dziko la minda ya mpesa. Mishoniyo inamanga lamulo lolimba pa mowa, ndipo zifukwa zinalipo: mowa unkatha chimanga m'nkhokwe, unkabutsa ndewu, unkapasula mabanja. Lamulolo linazika mizu mwa ife kuposa kwawo. Lero mdzukulu wa mpingo womwewo amawotcha nyama Lamlungu masana atagwira botolo, chikumbumtima chili phee. Sakunamizira chikhristu ayi, anangoleredwa mosiyana ndi iwe.

Ngakhale kwathu komweko sitinali amodzi. Akatolika a ku Mua ndi ku Bembeke amaletsa kuledzera, mowa weniweniwo sanauletse. A Seventh Day a ku Malamulo salawa n'komwe, ngakhale pa mgonero amamwa madzi a mphesa osasasa. Anzathu achisilamu a ku Mangochi, amene ndi ambiri mu Durban muno, kwa iwo ndi haramu, nkhani yathera pomwepo. Ndiye gulu la njinga likasonkhanitsa wa Anglican, wa Methodist, wa Baptist, wa mipingo yatsopano ija ya magitala ndi magetsi amitundumitundu, Mzulu wa ku KwaNyuswa ndi Mmalawi wa ku Dowa, usayembekeze kuti adzaona cooler box ndi diso limodzi.

Mtsutso wa mavesi ndaumva kambirimbiri pansi pa mitengo ya ku Giba, ndipo sunathepo ndi wopambana. Wina amatulutsa ukwati wa ku Kana pa Yohane 2, ndi mmene Paulo analangizira Timoteo za vinyo chifukwa cha vuto lake la m'mimba. Mnzake amabweza ndi Miyambo 20 ndi 23, ndi Aefeso 5, ndi Arekabu a m'buku la Yeremiya aja anakana vinyo mneneri atachita kuwaikira patsogolo. Onsewo akuwerenga zolembedwa ndithu. Mmene ine ndimaonera, Buku Lopatulika limadzudzula kuledzera mosapsatira mawu, koma silinena kuti dontho lililonse ndi tchimo. Ine sindimwa, ukudziwa. Komabe sindingaime pamaso pa Mulungu n'kunena kuti mkulu wa bakkie uja watayika chifukwa cha chitini chimodzi. Chaputala chimene chimandigwira ine ndi Aroma 14, chifukwa sichisiya mbali ina yomasuka: chimaletsa womasuka kunyoza wodziletsa, chimaletsa wodziletsa kuweruza womasuka, kenako chimafunsa aliyense ngati zimene akuchitazo sizikupweteka mbale wake.

Funso lomalizali ndi limene limagwira ntchito m'tchire, ndipo pa mowa wa pakati pa ulendo sindinyengerera munthu, kaya ndi wa mpingo uti. Pali kachizolowezi kamene kamabwera nthawi yozizira. Munthu amabisa kabotolo ka brandy kapena Old Brown Sherry m'thumba la kumsana, ndiye mukafika pamwamba poonera Valley of a Thousand Hills amati tiyeni tilawe pang'ono titenthetse m'thupi. Taganizira chimene chikubwera pambuyo pa pamwamba. Ndi mtsetse. Kanjira ka single track n'kongokwana tayala limodzi, uku thanthwe, uku phompho, mizu yoterera ndi mame itapingasa paliponse. Mumatsika mondondozana, tayala lako lakutsogolo likununkhiza la mnzako. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola, njinga imadya mamita oposa 8 pa sekondi imodzi. Chala chikachedwa theka la sekondi kugwira buleki, wapita mamita anayi amene sunawafune. Mowa umachedwetsa chala chimenecho. Umasokonezanso za m'kati mwa khutu zimene zimakuuza ngati waongoka kapena wapendekeka. Choipitsitsa, umakunong'oneza kuti lero uli bwino kuposa masiku onse, moti munthu amene sabata yatha anatsika pa mwala uja n'kukankha njinga, lero akuti ndidumpha. Akagwa, amene ali kumbuyo kwake alibe kokhotera.

Ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anafalitsa mu 2001 zimene anapeza pa opalasa njinga a m'chigawo cha Maryland. Amene anali ndi mowa wofika 0.08 m'magazi anali pa chiopsezo chovulala kwambiri kapena kufa chowirikiza pafupifupi ka 20 poyerekeza ndi osamwa, ndipo ngakhale kamowa kochepa ka 0.02 kankakweza chiopsezocho kasanu n'kupitirira. Anapezanso kuti ambiri mwa omwawo analibe chipewa kumutu. Kale a Tour de France ankamwa vinyo mpikisano uli m'kati poganiza kuti amapha ululu. Tom Simpson wa ku Britain, amene anali katswiri wa dziko lonse mu 1965, anagwa n'kufa akukwera phiri la Mont Ventoux pa 13 July 1967, dzuwa likuswa mtengo, m'thupi mwake muli mowa ndi mankhwala a amphetamine. Iwe ndi ine ndife yani?

Koma mowa umene ine ndauona ukuononga maulendo ambiri si wa m'thumba la kumsana. Ndi wa Lachisanu usiku. Chiwindi chimachotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi chitini chimodzi pa ola, ndipo khofi, madzi ozizira osamba kapena pemphero sizichifulumizitsa. Amene wamaliza mangudu anayi a Black Label pakati pa usiku, mabotolo aakulu aja a 750 ml, akamafika pa pemphero la 6 koloko mowawo udakali m'magazi, ngakhale atatsuka m'kamwa kangati. Mowa umalepheretsa impso kusunga madzi, ndiye umakodza usiku wonse n'kudzuka utauma kale. Chiwindi nachonso chikatanganidwa ndi mowa sichitulutsa shuga wokwanira, pomwe miyendo ikumufuna pa chikweza.

Ndinamuonapo mnyamata wina, wamphamvu kuposa tonse, tsiku lina la February, kutentha kwa chinyezi kwa KwaZulu-Natal kuno kutafika pachimake. Tinali pa chikweza chachitali pakati pa nzimbe, momwe mulibe mthunzi ndipo mphepo silowa. Anangotsika pa njinga n'kukhala pansi pakati pa njira. Nkhope itatuwa, milomo itachita mikwingwirima yoyera, ukamufunsa dzina la abwana ake akuyankha za basi ya ku Lilongwe. Fungo la dzulo linkatuluka ndi thukuta lomwe. Tinamukokera pa kamthunzi ka m'ngalande, kumuvula malaya, kumuthira madzi a m'mabotolo athu onse, n'kudikira galimoto imene inasochera kawiri isanatipeze m'misewu ya m'munda ija. Anachira. Koma madzi amene tinamuthira anali oti atifikitse ife kunyumba, ndipo pakati pathu panali bambo wina wa matenda a shuga amene anabwerera ali wefuwefu. Mnyamatayo ankati zomwa zake za Lachisanu ndi nkhani yake. Loweruka inasanduka ya tonse.

Chitini cha pamapeto ndi nkhani ina, ndipo apa uwerenge masamu ako, usakopere a mnzako. M'mimba muli pululu, thupi latha madzi, ndiye chitini chimodzi chimakwera kumutu msanga kuposa cha pa nsima. Lamulo la pamsewu la dziko lino, National Road Traffic Act ya 1996, limaika malire pa 0.05 g pa 100 ml a magazi kwa woyendetsa wamba, ndi 0.02 kwa amene kuyendetsa ndi ntchito yawo. Zitini ziwiri zikhoza kukudumphitsa malirewo. Usadzinamize kuti zimenezi ndi za a magalimoto okha, chifukwa lamulolo limawerenga wopalasa njinga pamsewu wa boma ngati woyendetsanso. Abale ambiri amakweza njinga pa bakkie n'kumapita. Iwe umapalasa kubwerera ku Embo kapena ku Molweni, m'mphepete mwa phula, matakisi akukupitirira mphepo yake ikukugwedeza chiwongolero. Burry Stander, mwana wa KwaZulu-Natal yemwe uno, amene anamaliza pa nambala 5 ku Olympics ya ku London mu 2012 ndipo anapambana mpikisano wa njinga wa Cape Epic kawiri, anagundidwa ndi takisi ku Shelly Beach pa 3 January 2013 akuchokera kokonzekera mpikisano, n'kufa ali ndi zaka 25. Ngati msewu unatenga munthu wodziwa njinga chotero, iwe usauwonjezere mwayi.

Palinso masamu ena amene abale a m'gulumo sangawaganizire, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa sanakhalepo mlendo. Fupa limene limathyoka kawirikawiri pa njinga za m'mapiri ndi lopingasa la paphewa lija, ndipo kupola kwake ndi masabata 6 kapena kuposa. Mnzako wa medical aid amagonekedwa m'chipatala cholipira, Lachitatu ali pa laputopu akugwira ntchito ali pabedi. Iwe ntchito yako ndi ya manja: makina otchetchera kapinga, wilibala, fosholo. Dzanja likakolekedwa m'khosi, Lolemba lomwelo pa geti pali Mmalawi wina akufunsa ganyu. Lendi sidikira. Amayi ku Dowa akungoyang'ana foni, kudikira uthenga wa Mukuru wa ndalama ya feteleza. Apolisi akakuimitsa, wa kuno amaimbira loya, pomwe iwe mlandu womwewo umafika mpaka pa mapepala ako okhalira m'dziko. Tili kwa eni, mphwanga. Chitini n'chimodzimodzi, koma iwe umachigula modula.

Dziko lino linadzionera lokha nthawi ya Covid-19. Boma litaletsa kugulitsa mowa mu 2020, madokotala a zangozi ananena poyera kuti mabedi awo apepuka. Pa 1 January 2021 chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chinaonetsa zithunzi za chipinda cholandirira ovulala chili chopanda wodwala, m'mawa wa chaka chatsopano. Lamulo loletsa kuyenda usiku linathandizako, inde, koma aliyense anadziwa chimene chinasowa m'misewu usiku umenewo.

Tsono ukasankha kukana, kukana kwako kusasanduke ulaliki. Bweza chitinicho m'bokosi, tenga Coke kapena madzi, nena kuti zikomo bambo, ine sindimwa. Basi. Usawonjezere vesi, usakwinye nkhope. Ndaona anyamata athu akusandutsa kumbuyo kwa bakkie kukhala gome, mpaka anzawo kuyamba kubisa zitini akawaona, kenako kungosiya kuwauza za ulendo wotsatira pa WhatsApp. Iwo amati akuzunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro, pomwe anthu akungothawa mwano. Dziwanso chimene mkulu uja akunena pokuponyera chitini. Mpaka 1962 munthu wakuda m'dziko muno sankaloledwa kugula mowa wa azungu. Durban yomwe ino ndiyo inayambitsa nyumba za mowa za khonsolo pambuyo pa lamulo la 1908, kugulitsa mowa kwa anthu akuda n'kugwiritsa phindu lake powalamulira, mpaka amayi a ku Cato Manor anaukira nyumbazo mu 1959. Mzungu ndi munthu wakuda kupisa dzanja m'bokosi limodzi si chinthu chakale kuno. Iye akukuuza kuti ndiwe mmodzi wa iwo. Landira ulemuwo ndi manja awiri, chitinicho ubweze.

Ukasankha kumwa, ndiwe wamkulu, sindingakulondole ndi chikwapu. Ndingokupempha kuti usamwe chifukwa cha manyazi, kapena pofuna kuoneka wa m'tauni. Ngati mumtima mwako mukuti ichi n'cholakwa, kwa iwe n'cholakwadi, ngakhale abusa a gululo atagwira chawo. Ndipo ngati dzina lako lidakali m'kaundula wa mpingo umene umaletsa mowa, usamamwe ku Shongweni Loweruka n'kukaimba kwaya Lamlungu ngati palibe chachitika. Kambirana ndi akulu ampingo maso ndi maso. Amalawi kuno tilipo ambiri ndipo mafoni ali ndi makamera. Nkhani idzafika ku Dowa iwe usanafike pakhomo.

Pali munthu mmodzi amene ndikufuna uzimufunafuna ndi maso m'gulu lililonse. Ndi uja anagula njinga pothawa botolo. Sadzitchula. Amabwera Loweruka chifukwa Loweruka ndilo tsiku limene limamuvuta, ndipo anasankha gulu la kutchalitchi poganiza kuti kumeneko sakakumana nazo. M'gulu lina limene ndinkapalasa nalo munali bambo amene nthawi zonse ankati ali pa changu. Tikangofika, iye njinga pa galimoto, dzanja m'mwamba, wapita, cooler box isanatsegulidwe. Anthu ankati ndi wodzikonda. Patapita nthawi mkazi wake ndi amene anauza mtsogoleri wathu kuti bamboyo amapita ku misonkhano ya Alcoholics Anonymous pakati pa sabata, ndipo kulira kwa chitini chikamatsegulidwa kumamusowetsa mtendere tsiku lonse. Mtsogoleriyo, amene ankamwa ndithu kwawo, sanaitanitse msonkhano kapena kulengeza chifukwa. Sabata yotsatira m'bokosi munali madzi, Coke ndi mavwende, ndipo anati tiyeni tikamwe khofi pa Shongweni Farmers Market. Ofuna mowa ankakumana okha masana kunyumba kwa mmodzi wa iwo. Bambo uja anayamba kutsalira, ndipo tinadabwa kupeza kuti ndi munthu wanthabwala kuposa tonse. Mwa atsogoleri onse amene ndapalasa nawo, ameneyu ndi amene anamvetsa Aroma 14, ngakhale sindinamumvepo akuitchula.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Gulu labwino limanena za mowa poyera munthu akamalowa kumene, osadikira kuti wina avulale kapena akhumudwe. Ufunse mtsogoleri wanu mwaulemu, pambali, kuti kuno timatani. Yankho limene ine lingandikhazike mtima pansi ndi lakuti kuyambira pa pemphero mpaka njinga yomaliza itabwerera palibe amalawa, kuti wofika ndi matsire amauzidwa mwakachetechete kuti lero apume, ndi kuti amene akuyendetsa galimoto yonyamula anzake samwa. Pakakhala ana a sukulu, bokosi lisakhale ndi mowa n'komwe. Lamulo la kuno ndi zaka 18, ndipo dziko silinaiwale achinyamata 21 amene anafera m'bala ya Enyobeni ku East London mu June 2022. Kumbukiraninso kuti njira zambiri za m'nzimbe mumadutsamo mwa chilolezo cha eni minda. Zitini zotayidwa m'mphepete mwa munda zikhoza kutsekera geti aliyense wopalasa, ndipo zikapezeka pamene padutsa anthu ovala malaya olembedwa dzina la tchalitchi, manyazi ake safufutika msanga. Mtsogoleri akaseka funso lakolo n'kunena kuti ukuganiza kwambiri, magulu a njinga kuno ndi ambiri, pita kwina.

Chomaliza n'chachipatala. Tsiku limene wagwa n'kumenyetsa mutu, ngakhale chipewa chitangong'aluka pang'ono ndipo iwe ukudzimva bwino, usalawe mowa, ngakhale abale akuti kachitini kamodzi kakutsitsa mtima. Kusanza, tulo tosaletseka, kukoka lilime poyankhula ndi kufunsa funso limodzi kangapo ndi zizindikiro za kuvulala m'kati mwa mutu, ndipo zimafanana kwambiri ndi za kuledzera. Wokulandira kuchipatala akamva fungo la mowa akhoza kukukhazika pa benchi kuti uyambe watsitsimuka, pomwe magazi akuchucha m'kati. Pempha wina akuperekeze, usagone wekha m'chipinda usiku umenewo, ndipo chipewa chong'alukacho uchitaye ugule china. Ndalama ikavuta undiuze, ndili nacho chimodzi chosagwa nacho chimene chingakukwane.